Tianthu tikugwa, mazenera akuyera: kukonza m'kati mwa mabogi a sitima zazing'ono kuno ku Mangochi

Aliyense amene anayesapo kukhazika tianthu ndi tikatundu m'kati mwa mabogi a sitima zazing'ono zoyenda pa njanji ya pathebulo amawadziwa madandaulo ake. Mwatseka denga madzulo zonse zili bwino, kukacha mupeza mazenera ayera mbuu. Sitima yazungulira kangapo, mukumva kanthu kakugogoda m'kati, posuzumira kamayi kamene munakakhazika pazenera kali chafufumimba pansi pa mpando. Tsiku lina denga lenilenilo likukana kukhala chifukwa mitu yagunda. Mavutowa amabwerezabwereza, ndipo kwathu kuno amakula chifukwa malangizo ambiri a ntchito imeneyi analembedwa ndi anthu a kumayiko ozizira, amene sanalawepo kutentha kwa m'nyumba ya malata mu Okutobala kapena chinyezi cha m'mbali mwa Shire mu Januwale. Mmene ndimaonera ine, ambiri mwa mavutowa amachokera pa zinthu ziwiri: guluu wosayenera, ndi kufulumira kutseka denga. Bogi likatsekedwa, zonse zimene mwaika m'katimo zimatsala zokha ndi kutentha, chinyezi ndi kugwedezeka, dzanja lanu silingafikemonso.

Kutsegula bogi osalithyola

Mabogi ambiri alibe masikuluu. Thupi limakolana ndi pansi pake ndi timano ta pulasitiki tobisika m'mbali, ndipo mukalowetsa sikuludiraiva n'kukanula mwamphamvu timanoto timathyoka, penti nayenso amakalika. Tengani khadi la pulasitiki lija limatsala mukathyola SIM, mulidule tizidutswa. Lowetsani kachidutswa pa dzino loyamba, kasiyeni pomwepo kuti dzinolo lisakolenso, pitani pa dzino lotsatira, mpaka mbali zonse zitamasuka. Ngati mbale wanu wa ku Joni wakupezerani mabogi akale a Lima, kampani ya ku Italy imene inapanganso mabogi a sitima za ku South Africa, dziwani kuti pa ambiri mwa iwo denga ndi magalasi ndi chinthu chimodzi. Mumakankhira magalasiwo m'kati pang'ono kuti denga lizuke. Pulasitiki wa zaka 40 sachedwa kusweka, ndiye chitani mwachifatse.

Mazenera ayera

Ili ndiye vuto limene limapweteka mtima kwambiri, chifukwa limabisa ntchito yonse imene mwavutika nayo.

Woyamba kumukayikira ndi supa guluu, uja wa m'timachubu amapezeka pa okala iliyonse. Mankhwala ake amatchedwa cyanoacrylate. Amauma akakumana ndi chinyezi cha mumpweya, ndipo pamene akuuma amatulutsa nthunzi yosaoneka ndi maso. Pamtetete nthunziyo imangouluka. M'bogi lotseka ilibe kolowera, imakatera pa galasi n'kusanduka kafumbi koyera kokakamira. Imakonda kwambiri pamene pali mafuta a m'zala, n'chifukwa chake nthawi zina mumaona chidindo cha chala chanu chatuluka bwinobwino pa zenera; apolisi ofufuza milandu amagwiritsa ntchito nthunzi yomweyi potulutsa zidindo za zala pa zinthu. Chinyezi chikachuluka, monga kuyambira Disembala mpaka Malichi, kuyerako kumanyanya. Kadontho kamene mnzanu wa kudera louma anagwiritsa ntchito popanda vuto, kuno kangathe kuphimba mazenera a mbali yonse.

Musanayambe kuchiza, tsimikizani kaye kuti matenda ndi amenewa. Kulungani kathonje ku chotokosera m'mano, nyowetsani ndi madzi, pukutani pakona pa zenera limodzi. Zikachoka mosavuta, linali fumbi kapena nkhungu chabe. Zikakhala zoyera, zaufaufa koma zosachoka, ndi nthunzi ya supa guluu. Galasi likakhala lokumbika kapena lamakwinya, ndiye kuti lasungunuka ndi guluu wa nsapato, guluu wa mapaipi kapena thina, ndipo limenelo silibwereranso.

Ngati ndi nthunzi, chotsani galasilo m'bogi, muikepo kadontho ka mankhwala otsukira mano, oyera wamba aja, muzipukuta mozungulira ndi kansalu kofewa. Mankhwalawo ali ndi timchenga tosalala kwambiri timene timapala kuyerako pang'onopang'ono. Tsukani ndi madzi, umitsani pamthunzi. Kukatsala kachifunga, vanishi wonyezimira wosungunulira ndi madzi, wopaka mopyapyala kwambiri, amabwezeretsa kuwala. Chimene musayerekeze ndi mankhwala ochotsera kyutekisi. N'zoona kuti amasungunula supa guluu, koma muli acetone amene amasungunulanso galasi la pulasitiki ndi thupi la bogi lomwe.

Galasi likawonongekeratu, dulani lina ku pulasitiki woonekera amene amakutira mababu, maloko kapena mahedifoni pogulitsa. Sankhani pamalo posalala, popanda zokalika, ndipo matani m'mphepete mokha ndi guluu woyera wa akalipentala.

Guluu woyerayu, amene pa botolo amalemba PVA, ndiye bwenzi la m'kati mwa bogi. Satulutsa nthunzi yowononga, akauma amaonekera, ndipo mukalakwitsa malo mungathe kumatula kamunthu osathyola mpando. Chovuta chake n'chakuti amauma pochoka madzi, ndiye nyengo ya mvula amachedwa. Malinga akuoneka woyera ngati mkaka sanaume. Mukatseka denga pa nthawi imeneyo madzi ake amatsekeredwa m'kati, amachita thukuta pa magalasi ndipo amayambitsa dzimbiri pa chitsulo cha pansi. Lisiyeni bogi chitsegulire tsiku limodzi m'chilimwe, masiku awiri kapena atatu m'dzinja. Ngati pali pamene simungachitire mwina koma supa guluu, tulutsani mipando yonse m'thupi la bogi, matirani panja pamene pakupita mphepo, kutali ndi magalasi, ndipo musabwezere mpaka mawa lake.

Tianthu tikumatuka

Kamunthu kakagwa, musathamangire kuwonjezera guluu. Katembenuzeni muone pamene kamatukira, pamenepo ndi pamene pali yankho.

Mukapeza penti atamatirira ku guluu, kamunthu katasupuka kumatako, ndiye kuti guluu anagwira penti osati pulasitiki. Palani penti ndi nsonga ya lezala pansi pa kamunthuko ndi pa mpando pomwe, kachigamba kakang'ono kamene kadzabisika kakakhala. Mukapeza guluu wachoka yense bwinobwino, wosalala ngati kachikopa, ndiye kuti panali mafuta. Tianthu timabwera ndi mafuta a m'chikombole cha ku fakitale, ndipo zala zathu zimawonjezera ena. Tiviikeni m'madzi a sopo wotsukira mbale, tsukani ndi mswachi wakale, umitsani, kenako muzitigwira ndi kachitsulo kopanira. Kwechani pang'ono ndi sandipepa pomatirapo kuti guluu apeze pogwira. Tianthu tina totsika mtengo tinapangidwa ndi pulasitiki wofewa, wopindika ukamufinya, amene pafupifupi guluu aliyense amaterereka. Timeneto timafuna msomali, ndifotokoza posachedwapa.

Mukapeza guluu ali wofewa, wonyunduka, kamunthu katangopendekeka pang'onopang'ono mpaka kugona, wapalamula ndi dzuwa. Anzathu a kunja amayamikira phula lomatira tianthu, ena amagwiritsa ntchito Prestik, ena guluu wa kandulo wosungunulira mu mfuti. Zonsezi zimagwira bwino pamene kukuzizira. M'chipinda cha malata chopanda siling'i, masana a Okutobala ndi Novembala, zimalefuka. Prestik amasiyanso banga la mafuta pa penti. Ine ndimamugwiritsa ntchito poyesera malo basi, ndikakhutira ndimamuchotsa yense.

Msomali ndi kachidutswa ka waya wa kopa, kotalika mamilimita 4 kapena 5. Waya umodzi wa m'kati mwa chingwe cha netiweki ya kompyuta ndi wochindikala pafupifupi theka la milimita, ndi woyenera ndithu. Boolani kabowo pansi pa kamunthu ndi kena pa mpando. Ngati mulibe kobowolera kakang'ono chotere, singano yotenthetsa pa kandulo imaboola, bola mipando ikhale kunja kwa bogi ndipo musakankhe mpaka kutulukira pamimba. Lowetsani waya, dontho la guluu woyera, khazikani. Tsopano waya ndiye akulimbana ndi kugwedezeka, guluu akungoletsa kamunthu kuvuka. Tianthu toimirira tonse tipatseni msomali m'mwendo, popeza phazi la kamunthu ka HO, sikelo yochepetsa zinthu ka 87, ndi laling'ono kwambiri kuti guluu yekha aligwire. Tianthu tachitsulo timafuna epoxy, guluu wa machubu awiri osakaniza uja amagulitsidwa mu hadiweya.

Denga likukana, kapena mitu yapitirira zenera

Apa nkhani ndi ya sikelo. Pa HO chilichonse chimachepetsedwa ka 87, pa OO ka 76, pa N ka 160. HO ndi OO zimayenda pa njanji imodzimodzi ya mamilimita 16.5, n'chifukwa chake anthu amazisokoneza, koma tianthu take n'tosiyana. Munthu wotalika mamita 1.7 amakhala mamilimita 19.5 pa HO, pa OO amapitirira 22. Mukagula ta OO n'kuika m'bogi la HO, mitu idzagunda ndithu.

Komabe ngakhale mutagula ta sikelo yoyenera, monga ta makampani a Preiser kapena Noch a ku Germany, nthawi zambiri timaoneka tatitali. Si vuto la tianthu ayi. Pansi pa bogi laling'ono panakwezedwa dala kuti pabisike chitsulo cholemeretsa ndi malo otembenukira mawilo, ndiye mipando ndi yaifupi kuposa mmene iyenera kukhalira, miyendo ilibe kopita. Mankhwala ake ndi lezala. Dulani miyendo m'mawondo kapena m'ntchafu, palani matako mpaka kamunthu katakhala bwino. Zimamvetsa chisoni kudula kanthu kokongola kamene kayenda ulendo wautali kuti kafike kuno, koma pa zenera palibe amene adzaone mapazi. Chimene mukufuna n'chakuti mapewa akhale pamwamba pang'ono pa tsinde la zenera, mutu uzioneka pakati. Munthu wokhala pansi, kuchokera pa mpando kufika pa liwombo, ndi masentimita pafupifupi 88, ndiye pa HO ndi mamilimita 10. Dulani kathabwa kotalika chomwecho kakhale muyeso wanu.

Njira ina yosaboola m'thumba ndi tianthu ta sikelo ya 1:100 timene amagulitsa m'mapaketi akuluakulu kwa ojambula mapulani a nyumba. Tokhala panja pa siteshoni timaoneka tating'ono, koma m'kati mwa bogi la HO timakwanira bwino osadula kwambiri. Penti wake amakhala wosalongosoka, koma mulimonsemo mukanatipentanso.

Okwera sakuoneka ngati anthu a kwathu

Tianthu tambiri togula ndi azungu ovala majasi ndi zipewa za kozizira. Ngati bogi lanu likuimira sitima ya ku Germany kapena ku England, zisiyeni momwemo, ndi kwawo. Koma ngati mukufuna sitima yathu, pali ntchito, ndipo ndi ntchito imene imandikoma kuposa zonse.

Ku Mangochi kulibe njanji. Kuti muone okwera enieni muyenera kutsika ndi msewu kupita ku Liwonde kapena ku Balaka. Njanji yochokera ku Limbe imagawikana pa Nkaya, ina kulowera ku Balaka ndi Salima, ina kuwoloka Shire pa Liwonde mpaka ku Nayuchi m'malire ndi Mozambique, ndipo imeneyi inatsegulidwa mu 1970. Ulendo umenewu ndi woyenera kuuyenda ngakhale kamodzi, muone mmene anthu amakhalira, mmene amasenzera ndi kusunga katundu, mmene amagulira zakudya kudzera pa zenera. Mudzaonanso kuti njanji yathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067, pamene njanji ya HO imaimira ya mamilimita 1,435. Ofuna kulondola kwenikweni amagwiritsa ntchito njanji ya mamilimita 12. Kwa ine zimenezo zingadikire. Chimene chimapangitsa mlendo kunena kuti "iyi ndi sitima ya ku Balaka" ndi anthu ali m'katimo.

Vuto loyamba popenta ndi kunyezimira. Penti wa mafuta wopaka zitseko ndi wokhuthala, amakwirira nkhope yonse, ndipo amawala ngati kamunthu kanyowa. Funani penti wa acrylic wosungunulira ndi madzi. Anyamata ojambula zithunzi zogulitsa kwa alendo ku Cape Maclear ndi m'malo ena a m'mbali mwa nyanja angakulozereni kumene amagula wawo. Pakani mopyapyala kawiri, kusiyana ndi kamodzi kokhuthala. Kukatentha pentiyu amaumira pa burashi musanafike pa kamunthu, ndiye pentani m'mawa, ndipo ikani pentiyo pa kapepala kosalowa madzi msanga koyala pa siponji yonyowa kuti asaume.

Vuto lachiwiri ndi khungu. Ambiri amathamangira penti wakuda, ndiye kuseri kwa galasi nkhope imangosowa, kumatsala malaya opanda mutu. Sakanizani wa bulauni ndi kofiira pang'ono, wakuda kadontho chabe, ndipo mtunduwo ukhale wowalirako kuposa mmene mukuganizira, chifukwa m'bogi muli mdima. Musapange mtundu umodzi wa onse, ifenso sitifanana. Maso musavutike nawo: diso la munthu pa HO silifika ngakhale theka la milimita, mukalipenta kamunthu kamangooneka kodzidzimuka.

Vuto lachitatu ndi chitenje. Nsalu yeniyeni siigwira. Ngakhale yopyapyala ya mamilimita 0.3, pa HO ikuimira nsalu yochindikala masentimita oposa 2, zimakhala ngati mwamuveka mayiyo mkeka. Gwiritsani ntchito pepala la kathumba ka tiyi, louma ndi lotambasula, chifukwa silinyenyeka likanyowa. Chitenje cha mamita 2 ndi kapepala ka mamilimita 23 mulitali, 13 mulifupi, ndipo kwa munthu wokhala pansi theka lake likwanira. Nyowetsani ndi guluu woyera wosungunula ndi madzi, kulungani ndi nsonga ya singano, siyani makwinya akhale momwemo. Chikauma pakani mtundu umodzi wowala, kenako timadontho ta mitundu iwiri ndi chotokosera m'mano. Musayese kujambula maluwa. Timadontho tokha pa zenera timaoneka ngati maluwa. Mwana wa kumbuyo ndi kamkanda kamodzi kapena kambulunga ka pate wa epoxy, kokutidwa ndi pepala lomwelo, kamutu kokha kakutuluka. Duku ndi kadontho ka guluu pamutu, kouma n'kupenta. Ndipo ngati sitima yanu ikudutsa ku Machinga, musaiwale abambo a mikanjo yoyera ndi kofia, ndi amayi ofunda kumutu. Palani mlomo wa chipewa cha mzungu uja, chotsalacho ndi kofia kale.

Vanishi wothetsa kunyezimira amayera akapakidwa tsiku la chinyezi chambiri. Dikirani tsiku louma, ndipo magalasi akhale kutali.

Pokhazika, pewani kudzaza mpando uliwonse ndi anthu oyang'ana kutsogolo okhaokha. Yambani ndi mipando ya pazenera, chifukwa ndi imene imaoneka. Awiri ayang'anizane akucheza, wina atsamire galasi akugona, mwana agwade pa mpando akuyang'ana panja, pena pasiyidwe popanda munthu koma pali thumba. Tianthu tofanana tiikeni m'mabogi osiyana, kapena mbali zosiyana, ndi malaya osiyana. Ngati ndi bogi la anthu wamba tsiku la msika, onjezani oimirira m'kanjira ka pakati, odula m'mawondo.

Katundu ndiye amaulula msanga ngati muyeso walakwika. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 likhale mamilimita pafupifupi 10 mulitali, 6 mulifupi. Umbani ndi pate wa epoxy monga Pratley Putty, dindani ndi kansalu asanaume kuti pakhale timizere. Ndowa ya malita 20 ndi kachidutswa ka mamilimita 4 ka kachubu ka inki ka m'bolopeni. Mtolo wa nzimbe ndi timawaya ta mamilimita 17 tomanga ndi ulusi umodzi. Dengu la usipa ndi kambale ka pepala kodzaza ndi tizidutswa ta ulusi wotuwa. Nthawi zonse imikani kamunthu pambali pa katunduyo, mudzifunse ngati kangamunyamule.

Nyerere, mphemvu ndi nkhungu

Mukapeza timabowo pa chitenje, tindowe takuda pa mipando, kapena katundu akuphukira ubweya woyera, funsani chimene munapangira. Mpunga weniweni umaoneka ngati timatumba, nthangala zina zimaoneka ngati mavwende, ndipo tonse tinakula tikumata mapepala ndi nsima. M'bogi zimenezi ndi chakudya. Musaikemo kanthu kalikonse kodyeka. Udzu wa tsache ndi timitengo ziumitseni padzuwa, kenako zikutireni ndi penti kapena vanishi mbali zonse. Bogi limene lagwidwa kale, litseguleni, chotsani zodyekazo, pukutani ndi thonje lonyowa pang'ono, liume pamthunzi. Musapopere mankhwala a udzudzu m'kati, amawononga magalasi.

Sungani mabogi m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino, muponyemo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala. Bokosilo likhale pansi, kutali ndi malata ndi zenera la kumadzulo. Nyengo ya mwera fumbi limalowa paliponse, ndipo likalowa m'bogi lotseka limakhala pa magalasi m'kati mmene simungapukute.

Magetsi: kuphethira, kuwala mopitirira, makoma kuyaka

Mukaika nyale, zolakwika zonse zimaonekera poyera, ndiye pentani mipando, pansi ndi makoma musanaganize za magetsi. Timababu takale ta waya woyaka timatentha mpaka kupinda denga. Gwiritsani ntchito ma LED. Lamba wa ma LED wa mavoti 12, wonga uja anyamata a kabaza amakongoletsera njinga zamoto, amadulika pa ma LED atatu aliwonse ndipo amakwanira m'denga. Sankhani woyera mofiirira, osati woyera mwabuluu.

Bogi likawala ngwee mpaka anthu osaoneka, onjezani rezisita, kachipangizo kochepetsa moto. LED imodzi yoyera pa mavoti 12 ndi rezisita ya 1k, ndiko kuti ma ohm 1,000, imalandira pafupifupi 9 mA, zimene ndi zambiri kale m'kachipinda kotere. Yesani 2.2k kapena 4.7k. Pa lamba wa ma LED, ikani rezisita ya 1k kapena kuposa pa waya wolowera, muziyesa usiku mpaka kuwala kukhale kofatsa. Okonza mawailesi mumsika amakhala nazo. Makoma ndi denga zikamayaka, ndiye kuti pulasitiki ndi wopyapyala: pakani wakuda m'kati, akauma pakani wotuwira pamwamba pake.

Kuphethira kumachokera pa njanji kapena mawilo akuda. Pukutani ndi kansalu kaye, nthawi zambiri vuto limathera pomwepo. Likapitirira, ikani kapasita ya 470 mpaka 1,000 µF, ya mavoti 25, kuti izisunga moto pa kanthawi kamene wilo ladumpha. Koma kapasita yotere ili ndi mwendo wa pulasi ndi wa mayinasi, ndipo pa njanji ya DC, yoyendera moto wamba wa pulasi ndi mayinasi, moto umatembenuka sitima ikabwerera m'mbuyo. Mukailumikiza molunjika idzatupa kapena kuphulika m'kati mwa bogi. Pakati pa mawilo ndi kapasita payenera kukhala buliji ya madayodi anayi imene imawongola moto. Ndi bulijiyo nyale zimayakanso mbali zonse, osati popita pokha. Pa njanji ya DCC, imene sitima imalamulidwa ndi mauthenga a digito, onjezani rezisita ya ma ohm 100 kutsogolo kwa kapasita kuti isamakoke moto wambiri nthawi imodzi poyatsa. Zonsezi zibiseni m'chimbudzi cha bogi, chimene zenera lake mumalipaka loyera.

Ngati mawilo ndi a pulasitiki, kapena simukufuna timawaya tokhudza mawilo, chifukwa timalemetsa injini pokoka, gwiritsani ntchito batire la CR2032 la mavoti 3 ndi kaswitchi pansi pa bogi. Limayatsa ma LED awiri kapena atatu mofatsa kwa nthawi yaitali. Batire limeneli ndi loopsa kwambiri mwana akalimeza, ndiye likhale lotsekeredwa ndipo lakutha musalitaye pabwalo.

Bogi layamba kugwa pa njanji

Bogi limene linkayenda bwino likayamba kudumpha pokhota mutangoikamo anthu, yang'anani zinthu zitatu. Mwina msomali wa kamunthu kapena waya wa nyale watulukira pansi n'kumaletsa mawilo kutembenuka. Mwina denga silinakhale bwino, lapotokola thupi. Kapena kulemera kwapita m'mwamba ndi mbali imodzi, makamaka ndi tianthu tachitsulo kapena batire lomata kudenga. Zolemera zonse zikhale pansi ndi pakati. Bungwe la NMRA, la okonda sitima zazing'ono ku America, limalangiza kuti bogi la HO lilemere aunsi imodzi, kuwonjezerapo theka la aunsi pa inchi iliyonse ya kutalika kwake, ndiko kunena kuti magalamu 28 kuwonjezerapo pafupifupi 5.5 pa sentimita iliyonse. Bogi la masentimita 30 likhale pafupi ndi magalamu 195. Mabogi a ku Ulaya amabwera opepukirapo ndipo amayenda bwino momwemo. Chofunika n'chakuti mabogi a sitima imodzi asasiyane kwambiri, chifukwa lopepuka likakhala pakati pa olemera limakokedwera m'kati pokhota. Chitsulo cha pansi chikachita dzimbiri chimatupa n'kukweza mipando: chichotseni, chikwecheni, chipakeni penti mbali zonse.

Musanatseke

Guluu akauma, tembenuzani mipando chadodolido pamwamba pa thaulo, gogodani pang'ono ndi chala. Chogwa chigwe tsopano. Bwezerani m'bogi, vundikirani denga osakoletsa timano, yatsani tochi m'mbali, muyang'ane pa zenera lililonse maso anu ali pa msinkhu wa njanji, chifukwa ndi pamene guluu wotuluka, mutu wopendekeka ndi waya wolendewera zimaonekera. Yendetsani sitima kutsogolo ndi kumbuyo, kudutsa pa mphambano zonse. Lisiyeni bogi lithe masana amodzi otentha m'chipinda chimene lizikhala, madzulo muonenso ngati pali amene wapendekeka. Pukutani magalasi m'kati ndi kansalu kouma, muwagwire m'mphepete mokha, kenako koletsani timano. Ngati timano tinathyoka, denga musalimate ndi guluu wamphamvu: timadontho tiwiri ta guluu woyera m'makona tikwanira, ndipo tidzalola khadi la SIM kulowanso tsiku limene batire lidzathe.